Amaika Mtengo wa Mankhwala Ndani?

Pali mawu amene pafupifupi banja lililonse m'Malawi muno linawamvapo pawindo lolandirira mankhwala: "Awa atithera, mukagule ku famase." Wodwala amatuluka buku lakuchipatala lili m'manja. Matenda apezeka, mankhwala ake alembedwa, chatsala ndi ndalama basi. Kwa wodwala chibayo, vutoli ndi la sabata imodzi. Abale amasonkherana, nkhuku kapena mbuzi imagulitsidwa, zimatha. Koma munthu wa shuga, wa BP, wa mphumu kapena wa khunyu amakumana nalo mwezi ndi mwezi, moyo wake wonse, ndipo abale amene anasonkha mu Januwale safika nawo Juni.

Ambiri timangoti mankhwala ndi odula chifukwa kuwapanga n'kovuta. Kwa mankhwala ochuluka, zimenezo si zoona. Piritsi lochokera kufakitale yaikulu kawirikawiri limadya ndalama yochepa kwambiri. Mtengo umene wodwala amauzidwa pakauntala amaumanga ndi anthu: eni kampani, olemba malamulo, oitanitsa katundu, ogulitsa. Ndipo anthu omwewo, akakakamizidwa, amautsitsa.

Wogula mankhwala amasiyana ndi wogula wina aliyense. Tomato akadula pamsika, mayi amanenerera, akakanika amapita pabenchi ina, kapena tsiku limenelo ndiwo zimaphikidwa zopanda tomato. Wodwala sasankha yekha chimene akugula; amamusankhira ndi dokotala. Sadziwa ngati pali china cholowa m'malo mwake. Sangati ndidikire mtengo utsike. Wogulitsa amazidziwa zonsezi.

Zaka 20 za wogulitsa mmodzi

Kutulukira mankhwala atsopano ndi ntchito yaikulu, ndipo pamenepa makampani sanama. Kafukufuku amatha zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo mankhwala ambiri amene amayesedwa amalephera asanafike kwa odwala. Kuti kampani ibweze zimene inalowetsa, lamulo limaipatsa patenti, chikalata choletsa wina aliyense kupanga kapena kugulitsa mankhwalawo popanda chilolezo chake. Bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO litakhazikitsidwa mu 1995, pangano lake lotchedwa TRIPS linalamula kuti patenti izikhala zaka zosachepera 20, ndipo mayiko anapatsidwa nthawi zosiyanasiyana zosinthira malamulo awo.

Pa zaka zimenezo wogulitsa amakhala mmodzi, ndipo mtengo sutsata ndalama zimene zinalowa pakafukufuku. Umatsata zimene ogula olemera angapirire. Chitsanzo choonekeratu ndi sofosbuvir, mankhwala ochiza matenda a chiwindi a hepatitis C. Kampani ya Gilead sinawatulukire yokha. Inagula kampani ina yaing'ono, Pharmasset, mu 2011 pa madola 11 biliyoni. Kumapeto kwa 2013 inayamba kuwagulitsa ku America pa madola 1,000 piritsi limodzi, kutanthauza madola 84,000 kuti munthu amalize masabata 12. Dziko la Egypt, limene linali ndi odwala hepatitis C ochuluka zedi, linakambirana ndi kampaniyo n'kugwirizana madola 900. Kenako makampani a ku Egypt komweko atayamba kuwapanga, mtengo unatsika mpaka pansi pa madola 100, ndipo boma linayeza ndi kuchiza anthu mamiliyoni. Piritsi lake linali lomwelo.

Makampani ena zaka 20 zikamatha amasinthako pang'ono kapangidwe ka mankhwala n'kupempha patenti ina, kuti otsanzira asalowe. Dziko la India linaika m'lamulo lake ndime yoletsa zimenezi, ndipo mu 2013 khoti lalikulu la dzikolo linakana pempho la kampani ya Novartis pa mankhwala a khansa ya m'magazi otchedwa Glivec. Mu 2023 ofesi ya mapatenti ya ku India inakananso pempho lotere la Johnson & Johnson pa bedaquiline, mankhwala a TB yosamva mankhwala wamba. Nkhani za m'makhoti a ku India zimatikhudza mwachindunji, chifukwa mapiritsi ambiri amene timamwa kuno amachokera kumeneko.

Mmene ma ARV anatsikira

Amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 safuna kukumbutsidwa mmene zinalili. Maliro ankagundana, aphunzitsi ndi anamwino ankatha, agogo ankatsala ndi adzukulu. Chimene ambiri sankadziwa nthawi imeneyo n'chakuti mankhwala analipo. Kuyambira 1996, madokotala ku Ulaya ndi ku America ankapereka mitundu itatu ya ma ARV pamodzi, ndipo anthu amene anali atatsanzika ankadzuka n'kubwerera kuntchito. Mtengo wake unali madola oposa 10,000 pachaka kwa munthu mmodzi. Anthu athu sanaphedwe ndi kusowa kwa nzeru za madokotala. Kwa zaka zingapo anafa mankhwala alipo, chifukwa cha mtengo.

Zinthu zinayamba kugwedezeka ku South Africa. Mu 1997 boma la Nelson Mandela linakhazikitsa lamulo lolola kugula mankhwala kumene akutsika mtengo komanso kulimbikitsa majeneriki, ndiye kuti mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina. Chaka chotsatira makampani a mankhwala anasumira bomalo kukhoti ku Pretoria. Mu Disembala 1998 kunabadwa gulu la Treatment Action Campaign, ambiri mwa mamembala ake ali anthu okhala ndi kachilombo. Mmodzi wa atsogoleri ake, Zackie Achmat, anakana kumwa ma ARV, ngakhale akanatha kuwapeza, ponena kuti sadzamwa kufikira anthu wamba atayamba kuwalandira m'zipatala za boma. Mu 2000 anapita ku Thailand n'kubwera ndi mapiritsi a fluconazole otsika mtengo, akudziwa kuti akuphwanya patenti ya Pfizer, ndipo anaulula poyera zimene anachita.

Mu Febuluwale 2001, Yusuf Hamied, mkulu wa kampani ya Cipla ya ku Mumbai, anauza bungwe la Médecins Sans Frontières (MSF) kuti akhoza kuligulitsa mitundu itatu ija pa madola 350 pachaka, osafika ndi dola imodzi yomwe patsiku. Anatha kutero chifukwa lamulo la India la 1970 silinkapereka patenti pa mankhwala enieniwo, koma panjira yowapangira yokha, ndipo makampani a kumeneko anali atazolowera kupeza njira zawozawo. Dziko lonse linaona tsopano kuti mtengo wa madola 10,000 sunali wokakamizika. Mu Epulo chaka chomwecho makampani 39 amene anasuma aja anauchotsa mlandu wawo ku Pretoria manyazi atawagwira. Mu Novembala, mayiko a WTO atakumana ku Doha anavomereza kuti pangano la TRIPS lisalepheretse boma lililonse kuteteza umoyo wa anthu ake, ndi kuti boma likhoza kulola kampani ina kupanga mankhwala a patenti ngakhale mwini wake asakufuna.

Mtengo utatsika, thandizo linakhala ndi tanthauzo. Thumba la Global Fund linayamba mu 2002, ndipo pulogalamu ya boma la America ya PEPFAR inalengezedwa mu 2003. Kuno kwathu MSF inali itayamba kale kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwapereka ulere m'zipatala, ndi ndalama za Global Fund. Mankhwala amene Amalawi ambiri anayambira anali Triomune wa Cipla yemwe uja: mitundu itatu m'piritsi limodzi, chinthu chimene eni mapatenti sakanachita mosavuta chifukwa mtundu uliwonse unali ndi mwini wake. Kenako mu 2010 kunakhazikitsidwa Medicines Patent Pool, bungwe limene limapempha eni mapatenti kuti alole ena kupanga mankhwala awo ogulitsa m'mayiko osauka. Kudzera m'njira imeneyi, pofika 2017 piritsi la tsiku ndi tsiku lokhala ndi dolutegravir linagwirizanidwa pa madola 75 pachaka.

Nkhondoyi ikupitirira. Lenacapavir, jakisoni woteteza ku HIV wobayitsa kawiri kokha pachaka, anaikidwa pa madola oposa 28,000 pachaka ku America mu 2025. Chaka chomwecho kunalengezedwa mapangano akuti makampani a ku India adzamupange pa madola 40 pachaka kuyambira 2027. Koma mu 2025 momwemo boma la America linadula thandizo lake la zaumoyo mwadzidzidzi, ndipo zinaonekera poyera kuti ngakhale mankhwala otsika mtengo amafuna wina woti awalipire.

Insulin ali ndi mbiri yakeyake yomvetsa chisoni. Anatulukiridwa ku Toronto, ku Canada, mu 1921, ndipo mu 1923 Frederick Banting, Charles Best ndi James Collip anagulitsa patenti yake ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti odwala onse amupeze. Lero makampani atatu okha, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ndiwo amagulitsa pafupifupi insulin yense padziko lapansi. Ku America, kabotolo ka Humalog kamene kanali madola 21 mu 1996 kanafika madola 275 pofika 2019, ndipo kunali achinyamata amene anamwalira akuchepetsa jakisoni kuti kabotolo kafike kumapeto kwa mwezi. Odwala ndi makolo awo atachita phokoso zaka zambiri, lamulo la 2022 linati okalamba a mu inshulansi ya boma ya Medicare asalipire zoposa madola 35 pamwezi, ndipo mu 2023 makampani onse atatu analengeza zotsitsa mitengo ya insulin wawo wina ndi 70 peresenti kapena kuposerapo.

Vuto lathu ndi lina

Tikanena zoona, mankhwala ambiri amene amasowa m'zipatala zathu alibenso patenti. Amlodipine ndi hydrochlorothiazide a BP, metformin ndi glibenclamide a shuga, phenobarbitone wa khunyu, salbutamol wa mphumu, amoxicillin: onsewa ndi akalekale, ndipo pamsika wa dziko lonse ndi otchipa. Komanso Malawi, monga dziko losaukitsitsa, ndi lololedwa ndi WTO kusatsata mapatenti a mankhwala mpaka 2033. Ndiye amadula bwanji kuno?

Choyamba ndi ndalama zakunja. Pafupifupi mankhwala athu onse ndi oitanitsa, ndipo ngakhale makampani ochepa amene amapanga m'dziko muno amagula zipangizo kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mafamase inakwera nthawi yomweyo, malipiro a anthu ali pomwepo. Madola akasowa m'mabanki, woitanitsa amadikira miyezi, katundu amachepa, wotsala naye amakweza. Ulendo nawo ndi wautali: sitima kuchokera ku India, doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako thiraki, kenako wogulitsa chipiku, kenako famase, aliyense akuikapo yake.

M'zipatala za boma mankhwala ndi aulere, ndipo amagulidwa ndi kugawidwa kudzera ku Central Medical Stores Trust. Koma ulere umagwira ntchito pokhapokha shelefu ikakhala ndi kanthu. Bajeti ya mankhwala ikaperewera, kapena ndalama zikachedwa kutuluka, wodwala ndiye amalipira. Pali kusiyana kumene aliyense amakuona: ma ARV, mankhwala a TB ndi LA wa malungo, amene amalipiridwa kwambiri ndi abwenzi akunja, sasowa kawirikawiri, pomwe a BP ndi shuga, amene amadalira thumba la boma, amatha msanga. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Ndi mayiko ochepa amene akwaniritsapo lonjezolo. Ndiye palinso kuba. Mankhwala a boma akhala akupezeka m'misika ndi m'makiliniki ena, ndipo milandu yake yakhala ikumveka m'makhoti. Wobayo amabera wodwala kawiri, chifukwa amadzamugulitsa chimene chinali chake kale.

Zimene wodwala angachite

Palibe nzeru imene ingasandutse thumba lopanda kanthu kukhala lodzaza, ndipo sindifuna kunamiza munthu kuti ilipo. Koma ndalama zambiri zimatayika pakati pa chipinda cha dokotala ndi kauntala ya famase chifukwa cha manyazi ndi kusadziwa, ndipo zimenezo zikhoza kupulumuka.

Chachikulu ndi kudziwa dzina lenileni la mankhwala amene mukumwa. Mankhwala ambiri ali ndi mayina awiri: la chimene chili m'kati, ndi la malonda limene kampani inasankha. Panado ndi paracetamol. Brufen ndi ibuprofen, Bactrim ndi cotrimoxazole, Ventolin ndi salbutamol. Pabokosi, dzina la malonda limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, lenilenilo lili pansi pake ndi zing'onozing'ono, pamodzi ndi mphamvu yake, monga 5 mg kapena 500 mg. Mukapempha ndi dzina la malonda, adzakupatsani lomwelo pamtengo wake. Mukapempha ndi dzina lenileni n'kufunsa kuti, "Kodi otsikirapo mtengo ake ndi ati?" nthawi zambiri adzakutulutsirani mabokosi awiri kapena atatu. Jeneriki wovomerezeka si mankhwala achiwiri kapena ofooka. Amayesedwa kuti agwire ntchito m'thupi mofanana ndi oyambawo, ndipo ma ARV amene asunga miyoyo ya Amalawi pafupifupi miliyoni imodzi ndi majeneriki. Pali mankhwala ochepa okha ofuna kusamala posintha kampani, monga ena a khunyu, warfarin ndi a chithokomiro. Amenewa funsani kaye dokotala.

Kenako ndi kulankhula. Anthu ambiri amalandira pepala la mankhwala asanu, n'kuthokoza, n'kutuluka, akudziwa mumtima kuti ndalama ali nayo ndi ya awiri okha. Akafika ku famase amasankha okha, ndipo kawirikawiri amatenga otchipa kapena othetsa ululu, n'kusiya amene amachiza. Kuuza dokotala kuti, "Adokotala, zonsezi sindikwanitsa, ofunika kwambiri ndi ati?" si chipongwe ndipo si kudzichotsa ulemu. Dokotala wabwino adzachotsapo mavitamini kapena mankhwala a chifuwa amene sanali okakamiza, adzasintha mtundu wodula n'kuika wakale wogwira ntchito yomweyo, kapena adzalemba mapiritsi awiri otchipa m'malo mwa limodzi lophatikiza lodula. Kwa wa shuga, insulin wamba wa m'kabotolo ndi wotsika mtengo kuposa wamakono wa m'mapeni, ndipo kwa odwala ambiri amathandiza bwino, ngakhale kusinthako kuyenera kuyang'aniridwa ndi achipatala. Chimfine wamba sichifuna maantibayotiki, ndipo jakisoni saposa piritsi chifukwa choti ndi wowawa kapena wodula. Ndalama zambiri za mabanja zimathera pa ziwirizi.

Mitengo imasiyana famase ndi famase, ngakhale m'msewu umodzi, kotero kufunsa malo awiri kapena atatu, ngakhale pafoni, kumalipira ulendo. Wa matenda okhalitsa alembetse ku kiliniki ya matendawo pachipatala cha boma, ndipo asadikire piritsi lomaliza. Apite kudakali masiku angapo, kuti akapeza atha akhale ndi mpata wofunsa tsiku lobwera katundu kapena kuyesa chipatala china. Zipatala zambiri za mishoni za pansi pa CHAM zili ndi mapangano ndi boma opereka thandizo lina ulere, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, ndipo ndi bwino kufunsa musanalipire. Amene ali pa sikimu ya kuntchito, monga ya MASM, adziwe malire a ndalama za mankhwala pachaka ndi mitundu imene sikimuyo imalipira. Banja limene lili ndi wodwala wotere lingachite bwino kuika mankhwala m'gulu la ufa ndi lendi, osati la ngozi zadzidzidzi, chifukwa ngongole ya katapila yotengera mankhwala a mwezi uno imadya a mwezi wamawa.

Abale athu okhala kunja ali ndi zawo zoti adziwe. Ku South Africa, lamulo limakakamiza wa famase kuuza wodwala ngati pali jeneriki wolowa m'malo, ndipo kuyambira 2004 kampani iliyonse imagulitsa mankhwala ake pamtengo umodzi wolengezedwa. Ku England munthu amalipira mapaundi 9.90 pa mtundu uliwonse wolembedwa ndi dokotala wa NHS, koma ana, azaka 60 kupita m'tsogolo, oyembekezera ndi odwala matenda ena monga shuga wofuna mankhwala salipira, ndipo womwa mitundu yambiri akhoza kugula chiphaso cholipiriratu miyezi itatu kapena chaka. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland salipira konse. Ku Zambia kuli inshulansi ya boma ya NHIMA, yochokera m'lamulo la 2018.

Njira ziwiri zimaoneka ngati zopulumutsa ndalama koma zimapha. Yoyamba ndi kudumphitsa masiku kapena kumwa theka kuti mapiritsi akhalitse. BP sipweteka. Munthu amadziona ali bwino mpaka tsiku limene sitiroko yamugwetsa, ndipo pamenepo banja limalipira zoposa mapiritsi a zaka zambiri, kuphatikizapo munthu wina wosiya ntchito kapena sukulu kuti azimusamalira. Wa khunyu akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa mowirikiza, mwina pamoto kapena m'madzi. Maantibayotiki osamaliza amasiya tizilombo tolimba timene tidzafune mankhwala odula kwambiri.

Yachiwiri ndi kugula pamsika, m'basi kapena kwa munthu woyenda ndi chikwama. Bungwe la WHO linapeza mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi alionse ndi achinyengo kapena osafika pamlingo. Mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia atamwa mankhwala a chifuwa amadzimadzi okhala ndi poizoni. Ngakhale mankhwala enieni amawonongeka akakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo piritsi losakhala m'paketi yake silikuuzani dzina, mphamvu kapena tsiku lothera ntchito. M'Malawi, mafamase ndi masitolo a mankhwala amalembetsedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa chiphaso chake. Mankhwala akakudabwitsani maonekedwe, fungo kapena kusagwira ntchito, abwezeni kumene munagula ndipo muuze achipatala.

Zonsezi ndi za munthu payekha, ndipo zimafika pena n'kulekeza. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene famase yapafupi ili pa mtunda wa tsiku lathunthu alibe mitengo itatu yoti ayerekeze. Chimene chingamuthandize ndi shelefu ya pachipatala chake chaching'ono. Zipatala za boma zili ndi makomiti a anthu a m'deralo, amene mwa ntchito zawo ndi kuchitira umboni mankhwala akamafika, ndipo zambiri zili ndi ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo. Odwala shuga ali ndi bungwe lawo la Diabetes Association of Malawi. Anthu okhala ndi HIV anaphunzira kalekale kuwerenga bajeti, kudziwa mayina a mankhwala awo ndi kulemba tsiku lililonse limene atha, n'kupita ndi kaundulayo kwa DHO, kwa khansala ndi kwa phungu. Odwala BP, shuga, mphumu ndi khunyu akuchulukirachulukira chaka ndi chaka, koma m'zipatala zambiri palibe amene akulemba kuti amlodipine anatha liti ndipo anabweranso patapita masabata angati.